Mabawuti Anayi Aafupi

Pa kampani ina yomanga mashelefu achitsulo panalibe munthu woboola konkire ngati Diso. Dzinalo anamupatsa ndi anzake, ati chifukwa akangoponya diso pansi kamodzi, levulo, chida choyezera ngati chinthu chapendekeka, imasowa ntchito. Anali munthu wamfupi wa mapewa otambalala, woseka nthabwala zake zokha. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu anakhala akugwada pa simenti ya eni, mpaka maondo a ovolosi yake anali zigamba pamwamba pa zigamba.

Mashelefu a m'nyumba zosungiramo katundu amatalika ngati nyumba yosanja. Mwendo uliwonse umapondera pa kachitsulo kafulati ka mabowo anayi, ndipo pansi pa bowo lililonse pamafunika bowo linzake mu konkire, loongoka, lakuya masentimita khumi ndi awiri, moti mulowe bawuti yogwira shelefuyo. Ntchito ya Diso inali imeneyo. Ankalemba mzere ndi chingwe cha choko, n'kukhoma kachizindikiro ndi msomali kuti biti, kachitsulo kozungulira kakutsogolo kwa makina oboolera, isaterereke poyamba. Pa bitiyo ankakulungapo tepi yofiira yosonyeza polekezera. Kenako ankaimika pambali sikweya yoonera ngati makinawo aongoka, n'kuyamba pang'onopang'ono, zigongono zitatsamira m'ntchafu, fumbi loyera likutumphuka ngati likuwira. Akafika pa tepi ankazula, kupopera mpweya m'bowomo katatu, kulikwecha ndi kaburashi, n'kupoperanso.

"Makina musamawakankhe," ankawauza anzake. "Mukawakankha amakupititsani komwe akufuna iwo. Koma nanga ndikuuza ndani? Inu manja anuwo anawaumbira kunyamula matumba."

Kumbuyo kwake kunkabwera mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, atanyamula ndowa ya mabawuti ndi sipanala yaitali. Anali wamkulu kwa Diso ndi zaka zinayi, wamtali, wowerama pang'ono, komanso wachibwibwi choopsa. Liwu limodzi linkatha kumugwira pakhosi mpaka mitsempha kutuluka. Iyeyu ankalowetsa mabawuti m'mabowo, kuwakhoma ndi hamala, kumanga manati, n'kudontheza penti yachikasu pa nati iliyonse yomwe wamanga. Mzere ukatha ankasaina pepala loti zonse zili bwino. Ntchitoyo anamupezera ndi Diso, ndipo Diso sankalola kuti sabata ithe asanamukumbutse.

"Alamu, tatiuzeni nthawi," ankatero pa nkhomaliro, anthu atazungulira. "Koma muyambiretu panopa kuti pofika nthawi yoweruka mukhale mutamaliza."

Anthu ankafa nako kuseka, mlamuyo n'kumaseka nawo, maso ali m'kapu mwake.

Chaka chimenecho anapatsidwa ntchito m'nyumba yaikulu yosungiramo matailosi ndi zitini za penti. Mizere ya mashelefu inali isanu ndi iwiri. Kampani inali itangolemba injiniya watsopano, mayi wa magalasi wolankhula mofatsa. Lachisanu m'mawa mayiyo anafika ndi kamakina kofufuzira zitsulo zobisika mkati mwa konkire. Anati akufuna akayendetse pa mzere wotsiriza asanaboolepo, chifukwa pakona pomwe magalimoto onyamula katundu amakhotera konkire yake inkaoneka yosiyana ndi inzake.

Diso anaimirira, anadzisansa fumbi, n'kuyamba wayang'ana anzake asanayankhe.

"Bwana, ine ndinayamba kuboola inu musanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Mizere isanu ndi umodzi ndaboola popanda kachidole kanuko. Mwapezapo bowo lopendekeka?"

"Sindikunena zopendekeka, a Diso. Ndikunena zitsulo za pansi."

"Chitsulo ine ndimachimva m'mapazi. Kasungeni, mabatire angathe."

Anthu anaseka. Nkhope ya injiniyayo inagwa. Anabweza kamakinako m'chikwama, ndipo atamuimbira foni kuti akufunika kwina, anapita osatsanzika.

Dzuwa litapendeka Diso anafika pa mwendo wotsiriza, wa pakona paja. Biti inalowa bwinobwino, kenako phokoso linasintha, makina anamugwedeza m'manja, ndipo mu fumbi loyera lija munatuluka tinyenyeswa tonyezimira. Anazula n'kuyeza. Masentimita asanu. Anayesa bowo lachiwiri, chimodzimodzi. Lachitatu ndi lachinayi, chimodzimodzinso. Pansi pamenepo anayalapo zitsulo zothithikana.

Zoyenera kuchita ankazidziwa. Kuimitsa ntchito, kuitana injiniya, kutseka mabowo onse a mzerewo, kusuntha mzere wonse n'kuyambiranso. Masiku awiri. Koma masiku awiriwo sanamudetse nkhawa. Chomwe chinamuvuta chinali kuganizira mayi uja akutulutsanso kamakina kake m'chikwama, anthu omwe anaseka m'mawa aja akuonerera.

Anacheuka. Mlamu wake anali chakumbuyo pang'ono, atawerama pa sipanala.

"Alamu, kukhosi kwauma. Takatungeni madzi ku mpopi wa kuseri uko. Osati wa pakhomowu, madzi ake amanunkha dzimbiri."

Mlamuyo atangotuluka, Diso anatenga mabawuti anayi mu ndowa, anapita nawo kuseri kwa mulu wa makatoni, n'kuwadula chakumutu ndi galayindala, makina odulira zitsulo. Sipanathe ndi mphindi zitatu zomwe. Zidutswa anaziponya m'thumba la ovolosi. Anabwerera, analowetsa mabawuti aafupiwo m'mabowo osaya aja, n'kuwakhoma ndi hamala mpaka podula paja panaphwatalala. Munthu woyang'ana sakanawasiyanitsa ndi enawo.

Mlamuyo anafika ndi botolo la madzi n'kuima.

"Nda-nda-ndani wa-walowetsa?"

"Ndakuthandizani. Mumayenda ngati miyendo munachita kubwereka. Mangani tizipita."

Mlamuyo anagwada n'kukoka sipanala. Nati yoyamba inazungulira mopepuka. Anayesa yachiwiri, anaima, n'kukweza maso.

"A-a-alamu, izi za-za-zape..."

"Zapepuka? Apepuka ndi manja anuwo. Mwayamba kundiphunzitsa ntchito lero? Inu amene ndinakutolani pakhomo mukuwothera dzuwa ngati buluzi?"

Mlamuyo anameza mate. Anamanga mpaka pomwe manatiwo analolera, anadontheza penti yachikasu, n'kusaina pepala. Popita kunyumba Diso anataya zidutswa zija mu ngalande. Lolemba anamutumiza ku ntchito ina, ndipo mwezi usanathe nkhaniyo inali itamuchoka m'mutu.

Panapita miyezi isanu. Tsiku lina m'mawa dalaivala wa kagalimoto konyamula katundu ndi mafoloko anakhota moyandikira kwambiri n'kukhudza mwendo wa pakona uja. Kunali kukhudza kwa tsiku ndi tsiku, koti mwendo womangidwa bwino ukanangokalika penti. Uwu unazuka ngati dzino logwedera. Mzere wonse unapendekeka, unalira, n'kugwa pamodzi ndi matailosi ake. Pansi pake panali mayi wina wosesa, ali ndi tsache m'manja. Anamutulutsa patatha ola lathunthu. Mwendo wake wamanzere madokotala anaudula pamwamba pa bondo.

Tsiku lachitatu Diso ndi mlamu wake anaitanidwa ku ofesi. M'chipindamo munali mwini kampani, bambo wonenepa wa thukuta pamphuno, injiniya uja, ndi wapolisi mmodzi ataika kope pa bondo. Pa tebulo, pamwamba pa nyuzipepala, panali mabawuti anayi aafupi ngati chala, penti yachikasu idakali pa manati. Pambali pake panali pepala losainidwa lija.

Diso anali atakhala nayo nkhaniyo masiku awiri, akuisema mbali zonse mpaka inasalala.

"Bwana, pamalo amenewo ndinagunda zitsulo, sindikukana. Ndinasiya pomwepo. Ndinalemba mtanda ndi choko, ndinawauza alamu angawa kuti asamangepo, adzawadziwitse bwana injiniya Lolemba, poti ine Lolembalo munanditumiza kwina. Zomwe zinachitika nditachoka sindikuzidziwa. Mtima ukundiwawa kunena izi, ndi m'bale wanga."

Mlamuyo anamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Kenako anadzuka mwamphamvu, mpando n'kugwera kumbuyo.

"A-a-a-ayi! Ine si-si-sindina... A-a-alamu ndi a-a-amene a-a..."

Chibwibwi chimakula munthu akapsa mtima. Chibwano chake chinkanjenjemera, maso atatsinzina, dzanja likumenya ntchafu kuti mawu atuluke, koma osatuluka. Mwini kampani anayang'ana wotchi. Wapolisi anayamba kuseweretsa cholembera.

"Ndiwathandize, bwana," anatero Diso mofatsa. "Ndakhala nawo zaka zambiri, ndimawamva. Akuti ine ndi amene ndinawauza kuti asamange, koma iwo sanafune kuti ntchito igonere."

"A-a-ayi! Ma-ma-madzi! Mu-mu-munandi..."

"Akuti anapita kukamwa madzi, pobwera anapeza ine nditaweruka."

Injiniya anakankhira pepala ndi cholembera kutsogolo. "Mwina alembe okha zomwe akufuna kunena."

"Amangodziwa kulemba dzina lawo basi, bwana," anatero Diso. "Sukulu anaithawa ali ang'ono, anzawo ankawaseka."

Zimenezo zinali zoona, ndipo mlamuyo anazolika.

"Khalani pansi, bambo," anatero wapolisi. "Anasaina apa ndinu?"

Mlamuyo anayang'ana pepalalo n'kugwedeza mutu kuvomera.

"Pentiyi munaika ndinu?"

Anavomeranso.

Injiniya anamuyang'ana Diso kwa nthawi yaitali. Koma pansi pa dzina la mlamuyo panalinso dzina la injiniyayo, losainira mzere womwe sanauyeze. Mayiyo anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya malaya, n'kuyang'ana kumbali.

Mlamuyo anakhala m'chitokosi masiku anayi. Atamulola kukadikira mlandu kunyumba, amene anakamutenga anali Diso yemweyo, ndipo anthu a pa mdadada wawo anati bambo ameneyu ndi wa mtima wabwino. M'njira monse mlamuyo sanamuyang'ane n'komwe.

Diso mtima sunakhale pansi. Ankaopa kuti ku khoti angakapeze woweruza woleza mtima, woti n'kudikira mpaka munthu wachibwibwi amalize chiganizo. Choncho Loweruka lina anapita kwa mlamuyo atatengana ndi mkazi wake.

"Alamu, ndafunsa kwa anthu odziwa malamulo. Akuti mukakapepesa kwa mayi wovulala uja mlandu usanayambe, akhoti amamva chisoni. Mwina mungangopatsidwa chenjezo."

Mlamuyo anali atakhala pa mpando wa pulasitiki, akuyang'ana khoma. Anapukusa mutu.

"Achimwene, chonde," anatero mkazi wa Diso, atagwira dzanja la mchimwene wakeyo, misozi ili m'maso. "Amunangawa akudziwa zinthu izi. Akanakhala ena akanakutayani kalekale. Pitani, chitirani ana anu."

Mlamuyo anamuyang'ana mchemwali wakeyo. Anadzuka n'kukavala jekete.

Ku chipatala anamupeza mayi wosesa uja pa bedi la pawindo. Anali wochepa thupi, milomo itauma, ndipo nsalu yomwe anafunda inatukuka mbali imodzi yokha, mbali inayo inangogona pa matiresi. Pambali pake panakhala mwamuna wake, mlonda, adakali mu yunifolomu, akumusendera lalanje.

"Mayi, pepani ndi zomwe zinakuonekerani," anayamba Diso, chipewa chili m'manja. "Ine ndine wa ku kampani ija. Ndabwera ndi munthu amene anamanga mabawuti aja. Wabwera yekha, sanakakamizidwe."

Anaika dzanja pa phewa la mlamu wakeyo n'kudinikiza. "Gwadani."

Mlamuyo anagwada. Maso ake anali pa nsalu yogona ija ndipo sanathe kuwachotsapo. Kwa miyezi isanu yonse manja ake ankakumbukira kupepuka kwa sipanala tsiku lija, ndi momwe anamezera mate n'kudontheza penti. Misozi inayamba kutsika, ndipo mawu, omwe anamukana mu ofesi muja, apa anatuluka pafupifupi athunthu.

"Pe-pepani, mayi. Ndi-ndinadziwa kuti za-zapepuka. Ndinadziwa."

Mlonda anasiya kusenda lalanje.

"Munadziwa?" anafunsa mayiyo ndi mawu otsika. "Munadziwa, n'kupita kunyumba kukadya, kukagona?"

"Ndi-ndi-ndinau-u-uza a-a-a..."

"Akuti anauza mtima wawo kuti palibe chingachitike," anatero Diso.

Mayiyo anatenga kapu ya madzi pa kabati n'kumuponyera mlamuyo kumaso. Kapuyo inamutema pamwamba pa diso. Mlonda analumpha n'kumugwira pakhosi pa jekete, odwala a m'mabedi ena akukuwa, ndipo anali Diso amene analowa pakati.

"Bambo, bambo, m'chipatala muno. Musiyeni, walapa kale munthuyu."

Ku khoti mlondayo anabwereza mawu aja monga momwe anawamvera, namwino wina n'kuchitira umboni. Woweruza anali ndi milandu khumi ndi inayi tsiku limenelo. Anamupatsa mlamuyo mpata wolankhula, anadikira pang'ono, kenako anati zomwe wamva n'zokwanira. Zaka ziwiri kundende.

Masana a tsiku lomwelo Diso anakhala pa tebulo kukhitchini akumwa tiyi. Mkazi wake ankatsuka makapu atamufulatira. Onse awiri anali atangobwerako ku khoti. Anatseka mpopi.

"Bambo, ku khoti kuja anati mabawutiwo anadulidwa ndi galayindala."

"Eya."

"Achimwene galayindala sanaigwirepo chibadwire. Amaopa ngakhale kulira kwake. Tsiku lija munkadula chitseko cha bafa anathawira kumsewu, inu nomwe n'kumawaseka."

Diso anaika kapu pansi bwinobwino.

"Ndiye?"

Mkaziyo anatembenuka, manja akudontha madzi. Anamuyang'ana mwamuna wakeyo ngati akuyembekezera kuti akalipe, alumbire, akane. Diso sanakane.

"Munadula ndinu."

"Kupolisi ukukudziwa. Vala nsapato upite. Achimwene akowo atuluke, ine ndilowe. Koma ine sakandipatsa ziwiri ayi, akandipatsa zisanu, poti ndinanamiza khoti. Nyumba ino ndi ya kampani, mawa lomwe akutulutsa. Mwana wako watsala ndi chaka chimodzi kuti amalize za unamwino, ukamuuze wekha kuti alongedze abwere. Komanso ukafika kumeneko usakaiwale kunena kuti amene anawagwira dzanja kuti akapepese unali iweyo."

Mkaziyo anagwira m'mphepete mwa sinki.

"Nsapato zako zili pakhomopo," anatero Diso, n'kudzithirira tiyi wina.

Mkaziyo sanapite. Anaima pomwepo mpaka madzi anauma m'manja mwake, kenako anatsegulanso mpopi.

Sabata yotsatira Diso anabwerera m'nyumba yosungiramo katundu ija kukaboola mzere watsopano, chikhatho chimodzi kuchokera pa wakale. Injiniya anayendetsa kamakina kake pansi ponse, Diso ataima pambali manja ali kumbuyo. Mabowo onse anatuluka oongoka, akuya masentimita khumi ndi awiri. Chaka chisanathe mwini kampani anamukweza kukhala kapitawo, nati munthu wosabisa cholakwa ngakhale cha m'bale wake ndi wofunika kumusunga.

Mkazi wa Diso ankapita kundende mwezi uliwonse ndi sopo ndi chakudya m'kontena. Ankakhala moyang'anizana ndi mchimwene wake, kumuuza za ana ndi za mvula, ndipo sanamuuzepo kuti akudziwa. Akabwerako ankagona mutu ukumupweteka. Kunyumba ankaphika, kuchapa, kuyankha akafunsidwa, koma kuseka kwake anthu a pa mdadadawo sanakumvenso.

Mlamuyo anatuluka patatha chaka ndi miyezi inayi, ataonda, akutsokomola, mano awiri akutsogolo palibe. Mkazi wake anali atatenga ana kupita kwa makolo ake n'kukwatiwa kumeneko. Ntchito panalibe womulemba, poti nkhani ya mashelefu inali itafika m'makampani onse. Analibe kolowera. Mchemwali wake anakamutenga pa geti la ndende n'kubwera naye kunyumba, ndipo Diso anavomera mokweza, ali pakhonde, kuti oyandikana nawo amve.

Anamupatsa kachipinda ka kuseri komwe ankasungiramo njinga yakufa ndi zitini za penti. Mlamuyo ankadzuka m'mawa kusesa pabwalo, kuthirira maluwa, kupukuta nsapato za Diso. Kulankhula anasiyiratu. Akafunsidwa ankangogwedeza mutu kapena kuloza ndi chala.

Lamlungu lina masana kunabwera mlendo, mnzake wa Diso wa ku kampani ina. Anamupeza pakhonde akuwerenga nyuzipepala, ndipo chapatali anaona munthu wamtali atawerama, akuzula udzu m'mbali mwa mpanda.

"Si uja wa mashelefu uja ameneyu?" anafunsa monong'ona.

"Ndi yemweyo."

"Ndipo mukumusunga? Atakuchititsani manyazi chonchija? Ayi, a kapitawo, anthu ngati inu ndi osowa."

"Nanga titani, ndi chibale," anatero Diso akupinda nyuzipepala. Kenako anakweza mawu. "Alamu! Simukuona kuti kwabwera alendo? Mpando!"

Mlamuyo anapukuta manja pa buluku, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mpando.